Kutsata mapazi a Deborah Kerr, kuchokera ku Glasgow mpaka ku Botesdale

Lolemba, 12 Meyi. Glasgow

Ndaweruka shifiti ya usiku 8 koloko m'mawa, ndagonako maola 4, ndipo masana ano ndayamba ulendo umene ndakhala ndikuusungira ndalama kuyambira mu Febuluwale. Ndili ndi masiku 6, chikwama chimodzi, ndi kope limene ndalembamo malo amene Deborah Kerr anakhalako kuno ku Britain, kuyambira pamene anabadwira mpaka mudzi umene anatsirizira moyo wake.

Ndifotokoze kaye kuti mkazi wa ku Dedza ngati ine anadziwana bwanji ndi mzungu wa m'mafilimu a zaka 70 zapitazo. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba. Kwa zaka 3 ndinkasamalira agogo ena a m'chipinda chakumapeto, amene ankadwala matenda a Parkinson's. Manja awo sankapuma. Tiyi ndinkawathirira theka la kapu kuti asadzitayire, ndipo mabatani a juzi ndinkawamangira ndine, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, iwo akuyang'ana kudenga kuti ndisaone kuti zikuwapweteka mumtima. Pansi pa bedi lawo panali katoni ya nsapato yodzaza ma DVD, onse a mkazi mmodzi. Lamlungu lililonse masana, anzawo akamawodzera pabalaza, iwo ankandiitana: "Bwera mwanawe, tiike Deborah." Filimu ikamayenda ankandigwira mkono: "Usamangomvera zimene akulankhulazo. Yang'ana msana wake. Yang'ana manja akewo, mmene akhalira phee." Anamwalira mu Febuluwale. Ana awo atabwera kudzatenga katundu anandisiyira katoni ija.

Ndakwera sitima yapansi kutsikira ku Hillhead, ndayenda mu Byres Road mpaka pa Botanic Gardens, n'kukhotera mu Great Western Road. Ruskin Terrace ndi mzere wa nyumba zamiyala zazitali, zokhala pamtunda pang'ono, mitengo ikuzibisa ku phokoso la mabasi. Apa panali nyumba yochilirako amayi, ndipo pa 30 Sepitembala 1921 panabadwa mwana wamkazi, Deborah Jane Trimmer. Chikwangwani chokumbukira zimenezi anachikhoma mu 2021, pa tsiku limene akanakwanitsa zaka 100. Dzina loti Kerr linali la kuchimuna kwawo, ndipo analitenga atayamba zisudzo. Bambo ake anataya mwendo ku Somme pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenako n'kumagwira ntchito ya uinjiniya.

Ndaima pamenepo nthawi ndithu. Anthu amangodutsa, wina ndi galu, wina ndi khofi, osacheuka. Agogo aja chinkawawawa ndi chimodzi: dziko lonse linkamutcha mkaziyu duwa la ku England. "Ndi wathu ameneyu," ankatero, akugogoda tebulo ndi chala chonjenjemera, "wobadwira kuseri kwa Botanics." Lero ndaona ndi maso kuti sankanama.

Lachiwiri, 13 Meyi. Helensburgh

Kuchoka ku Queen Street ndi mphindi pafupifupi 45 pa sitima, njanji ikutsata mtsinje wa Clyde mpaka pamene umatambasuka kukhala nyanja. Helensburgh ndi tauni yoyalidwa bwino, misewu yowongoka ngati mizere ya m'munda, mitengo mbali zonse. Maluwa a matcheri ayoyoka kale, angotsala m'ngalande, ofiirira. Kutsidya kwa madzi kukuoneka Greenock. Deborah anakhala muno zaka zake 3 zoyambirira, m'nyumba ya mu West King Street, banja lisanasamukire kumwera kwa England. Tauni yomweyi ndi kwawo kwa John Logie Baird, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa wailesi yakanema, ndipo chifanizo chake chili m'mbali mwa nyanja. Ndakweranso chitunda kukaona Hill House, nyumba imene pulani yake anajambula ndi katswiri wa zomangamanga Charles Rennie Mackintosh, imene anaivindikira ndi chikhola chachitsulo kuti makoma aume. Koma mtima wanga sunali pa nyumbayo.

Ndili pabenchi kudya tchipisi, amayi aimba pa WhatsApp.

"Iwe, ndamva kwa achimwene ako kuti uli pa ulendo. Ndiye ndalama zonsezo ukuthera kuyendera mzungu woti anafa kalekale, si m'bale wako, sunamuonepo?"

"Amayi, si choncho. Ndi uja ankamukonda agogo aja ndinkakuuzani aja."

Anakhala chete pang'ono, ndikumva nkhuku kumbuyo kwawo. Kenako anati, "Kodi agogo akowo unawalira?"

Ndinalephera kuyankha. Tsiku limene ankaikidwa ndinali pa shifiti, kunalibe wondilowa m'malo. Chipinda chawo tinachikolopa, tinasintha makatani, pasanathe sabata munalowa munthu wina. Kuno maliro sagonera. Palibe siwa, palibe moto wa panja, palibe amayi a mpingo oimba mpaka mbandakucha. Munthu amene unkamusambitsa m'mawa uliwonse kwa zaka 3 amangosanduka dzina lofufutidwa pa bolodi la mu ofesi.

"Ndiye pita mwanga," amayi anatero. "Kayende bwino. Ukafika kumeneko ukakhale pansi, usakangojambula zithunzi."

Lachitatu, 14 Meyi. Weston-super-Mare

Tsiku lonse latha ndili m'sitima: maola pafupifupi 6 kufika ku Bristol Temple Meads, kenako theka la ola kufika kuno. Ku Bristol sindinatuluke mu siteshoni, ngakhale mumzindamu ndi mmene Deborah anaphunzira sukulu yogonera komweko, komanso mmene azakhali ake, Phyllis Smale, ankaphunzitsa zisudzo. Azakhali amenewa ndiwo anayamba kumuphunzitsa kaimidwe ndi kalankhulidwe. Olemba mbiri yake amasimbanso za agogo ake aakazi, munthu wamwambo wolimba, amene ankamugoneka chagada pansi nthawi yaitali kuti msana uwongoke. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira chala cha agogo anga a ku Glasgow chikuloza pa TV. Msana umene ankausirirawo mwana anaugula ndi misozi, ali gone pa thabwa lozizira.

Banja la Deborah linakhalako m'tauni ino, ndipo mu Elmsleigh Road muli chikwangwani chimene adzukulu ake anavundukula mu 2021. Kuno ndi kumene anaonekera koyamba pa siteji, mu 1937, m'sewero la manja lopanda mawu, ali ndi zaka 15 kapena 16.

Ndinafika kugombe 6 koloko madzulo, ndipo nyanja kunalibe. Ndikunena zoona: kunalibe. Mchenga, kenako matope okhaokha mpaka kumene maso amalekezera, ndipo mlatho wolowera m'nyanja wotchedwa Grand Pier utaima pouma ndi miyendo yake yachitsulo. M'dera lino la Bristol Channel madzi amaphwa ndi kudzaza mochititsa mantha, moti akaphwa amathawa mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Pali zikwangwani zochenjeza kuti matopewo amameza munthu. Ife amene tinazolowera nyanja ya Malawi, yokhala malo amodzi chaka chonse, timaona ngati malodza.

Ndinakhala pakhoma la m'mbali mwa gombe n'kumaganiza za gombe lina, la ku Hawaii, pa kagombe kotchedwa Halona Cove pa chilumba cha Oahu. Anthu amene sadziwa kalikonse za Deborah Kerr amachidziwabe chithunzi chimenecho: iye ndi Burt Lancaster ali gone pamchenga, akupsompsonana, funde likuwakuta. Ndi mu From Here to Eternity, filimu ya 1953. Pa nthawiyo anali atakhala ku Hollywood zaka 6, ndipo kampani ya mafilimu ya MGM inkangomupatsa mbali imodzimodzi: mkazi waulemu, wovala magolovesi, wodikira mwamuna kuti amalize zochita zake. Anatopa nazo. Mbali ya Karen Holmes, mkazi wa mkulu wa asilikali amene banja lamuwawira ndipo wagwa m'chibwenzi ndi sajeni, inali yoti asewere Joan Crawford. Crawford atachoka, wothandizira Deborah pa za ntchito, Bert Allenberg, anakamunenerera kwa Harry Cohn wa kampani ya Columbia, ndipo wotsogolera filimuyo, Fred Zinnemann, anavomera. Tsitsi lake lofiira analisintha kukhala loyera, anaphunzira kulankhula ngati wa ku America, ndipo filimuyo inatenga mphoto za Oscar 8.

Ndinaonera filimuyi ndi agogo kawiri. Za pagombezo sankazilabadira. Ankadikira zimene zimatsatira, pamene mwamunayo amuponyera mawu onyoza za amuna ena, iye n'kuvala chovala chake, kuimirira, n'kuyamba kufotokoza za mwana amene anapita padera mwamuna wake ali kumowa. Mawu sakweza. Chibwano chokha ndi chimene chimalimba. "Waona?" ankatero agogo. "Zonse zili m'kati, koma ukuziona." Ine ndikuganiza kuti luso lake lonse lagona pamenepo. Ena amasewera ndi zimene akutulutsa, iye ankasewera ndi zimene akubweza.

Pamene ndimanyamuka kupita kogona, kuli chisisira, madzi anali atayamba kubwerera, opanda mafunde, akungokwawa pamatope mwakachetechete.

Lachinayi, 15 Meyi. London

Ndafika ku Paddington cha m'ma 11 koloko, ndasiya chikwama, ndalunjika ku Rosebery Avenue. Nyumba ya zisudzo ndi magule ya Sadler's Wells imene ilipo lero ndi yatsopano, ya 1998, yagalasi ndi njerwa zofiira, koma malo ndi omwewo. Apa Deborah anabwera kudzaphunzira gule wa ballet, ndipo mu 1938 anavina nawo m'gulu. Sizinapitirire. Anali wamtali kuposa mmene amafunira ovina gule ameneyu, ndiye anatembenukira ku zisudzo. Pakhomo ndakumana ndi atsikana atatu, tsitsi lomangidwa kumbuyo, mapazi oloza kunja ngakhale poyenda mumsewu. Misana yawo ndaizindikira.

Kuchoka apo ndinapita ku Regent's Park, kumene kuli bwalo la zisudzo la panja, lozunguliridwa ndi mitengo. Mu 1939 ankasewera pano timbali ting'onoting'ono m'masewero a Shakespeare. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, mwayi wake unatseguka msanga. Filimu yoyamba imene anajambulitsa, mbali yake anaidula yonse. Koma mu 1941 anaoneka mu Major Barbara ngati mtsikana wa Salvation Army, ndipo chaka chomwecho anatsogolera mu Love on the Dole, nkhani ya ulova ndi umphawi ku Lancashire. Mu 1942, ali ndi zaka 20 zokha, opanga mafilimu Michael Powell ndi Emeric Pressburger anamupatsa mbali zitatu m'filimu imodzi, The Life and Death of Colonel Blimp, imene inatuluka mu 1943: akazi atatu a mibadwo itatu, nkhope imodzi. Anamutenga chifukwa Wendy Hiller, amene ankamufuna poyamba, anali woyembekezera. Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, sanaikonde filimuyo chifukwa munali msilikali wa ku Germany wamtima wabwino nkhondo ili m'kati.

Mu 1945 anakwatiwa ndi Anthony Bartley, woyendetsa ndege zankhondo, ndipo anabereka naye ana aakazi awiri. Posakhalitsa MGM inamutengera ku California. Filimu yake yoyamba kumeneko, The Hucksters ya 1947, anasewera ndi Clark Gable, ndipo kampaniyo inalengeza ponseponse kuti dzina lake lizitchulidwa mogwirizana ndi mawu achingerezi akuti "star", kutanthauza nyenyezi. Nkhani ya dzinayi imandikhudza. Kuntchito ambiri anadula dzina langa pakati kuti lisawavute. Agogo aja okha ndiwo anakana. Anandiuza kuti ndiwalembere papepala, n'kumaliyeserera mwezi wathunthu mpaka linakhala.

Usiku uno ndagona kwa achimwene. Alamu aphika nsima ya ufa wogula ku Peckham, ndi usipa umene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi mwezi watha. Titadya ndinatulutsa The King and I, ya 1956, imene agogo ankaikonda kuposa onse. Deborah ndi Anna, mphunzitsi wamasiye amene wapita ku Siam kukaphunzitsa ana a mfumu, ndipo Yul Brynner ndiye mfumuyo. Mwana wa achimwene, wa zaka 9, anakhala pafupi ndi TV kukamwa kuli yasa, makamaka pamene awiriwo akuvina mozungulira chipinda chonse, diresi lalikulu ngati tenti likuuluka. Madiresi amenewo anali olemera kwambiri, okhala ndi zitsulo zozungulira m'kati, koma ukamamuona ungati wavala mphepo.

Achimwene sanakondwe. "Achemwali, inu simukuona? Mzungu mmodzi wafika, ndiye mfumu ya dziko lonse yasanduka mwana wa sukulu. Si zomwe ankatichita ife zimenezi?"

Sindinawatsutse, chifukwa akunena zoona. Ku Thailand, dziko limene kale linkatchedwa Siam, filimuyi ndi yoletsedwa, poti amaiona ngati yonyoza Mfumu Mongkut, munthu wophunzira amene anakhala zaka zambiri ali mmonke asanalowe ufumu. Ndipo Anna Leonowens weniweniyo anabadwira ku India mu 1831, koma ankauza anthu kuti kwawo ndi ku Wales. Choncho nkhani yonseyo inamangidwa pa mkazi wobisa kumene anachokera, n'kuseweredwa ndi mkazi wa ku Scotland amene ankamugulitsa ngati wa ku England.

Koma ndinawauza achimwene chinthu china chimene chimandipangitsa kumulemekeza. Nyimbo za m'filimuyi sanaimbe ndi iye. Anaimba ndi Marni Nixon, mtsikana amene dzina lake silinalembedwe pa filimuyo, ndipo kampani inkafuna kuti zikhale zachinsinsi. Awiriwa ankayeserera limodzi, ataima moyandikana, wina akutsanzira mpweya wa mnzake kuti pasadziwike pamene kulankhula kwathera ndi pamene kuimba kwayambira. Deborah ndiye anaulula kwa atolankhani kuti mawuwo ndi a Nixon. Ife ogwira ntchito imene sioneka, amene timasintha zofunda 3 koloko usiku kuti abale akabwera masana apeze zonse zili bwino, tikudziwa kulemera kwa munthu woima pagulu n'kunena kuti ntchito iyi anagwira ndi uje.

Alamu anangoti, "Ameneyo analeredwa."

Lachisanu, 16 Meyi. Leonardslee, West Sussex

Sitima ya ku Victoria yandisiya ku Horsham, ndipo kuchoka apo ndi mtunda waufupi kufika ku Lower Beeding. Leonardslee ndi chigwa chokhala ndi tinyanja totsatizana, mbali zonse kuli mitengo ya maluwa yochokera ku Asia, ina yaitali kuposa nyumba. Ndabwera nthawi yake. Chigwa chonse chili psuu, kwina pinki, kwina koyera, maluwa ogwa atayala njira ngati mphasa. Mundawu unatsekedwa zaka zingapo, anautsegulanso mu 2019.

Ndabwera chifukwa cha Black Narcissus, ya 1947, filimu imene ine ndimaiika pamwamba pa onse amene ali m'katoni muja. Ndi nkhani ya masisitere a Anglican amene atumidwa kukatsegula sukulu ndi chipatala pamwamba pa mapiri a Himalaya, m'nyumba imene kale mfumu inkasungiramo akazi ake. Deborah ndi Sister Clodagh, wamkulu wawo, wamng'ono msinkhu kuposa udindo umene wasenza. Ukamaonera ungalumbire kuti anapita ku India. Sanapiteko. Nyumba ya masisitereyo anaimanga mu situdiyo ya Pinewood kuno ku England, mapiri ndi phompho loopsa la pansi pa belu anachita kupenta pagalasi, ndipo nkhalango ya m'munsi mwa phiri ndi munda uno. Jack Cardiff analandira Oscar chifukwa cha kajambulidwe, Alfred Junge chifukwa cha kamangidwe ka malowo. Ndinaima pansi pa mtengo wina wa maluwa ofiira, mphepo ikugwetsa maluwa paphewa panga, ndipo ndinamvetsa mmene ananyengera dziko lonse.

M'filimuyi thupi lake lonse ndi lokutidwa ndi nsalu yoyera. Chimene watsala nacho ndi nkhope, kuyambira pachipumi kufika pachibwano, ndi manja awiri. Ine ndinaphunzira sukulu ya masisitere, ndipo nkhope imeneyo ndimaidziwa: mkazi amene walonjeza kuti sadzafunanso kanthu, koma mtima sunamve lonjezolo. Pali malo ena pamene ali m'tchalitchi kupemphera, maganizo n'kumuthawira kwawo ku Ireland, kwa mnyamata amene anamusiya. Milomo imamasuka pang'ono chabe, kenako amadzigwira. Mnzake Sister Ruth, amene anasewera Kathleen Byron, ndiye amalephera kudzigwira, amavula zausisitere, kuvala diresi lofiira, kupaka milomo pamaso pake, ndipo mapeto ake ndi pa belu paja. Otsutsa mafilimu a ku New York anamupatsa Deborah mphoto ya wosewera wamkazi wopambana chaka chimenecho.

Palinso zondiwawa m'filimuyi, ndipo sindizibisa. Anthu a m'phirimo amawatchula ngati ana. Mtsikana wa chi India anasewera ndi Jean Simmons, mzungu wopakidwa utoto. Komabe filimuyi inatuluka miyezi yochepa India asanalandire ufulu mu Ogasiti 1947, ndipo imatha masisitere akutsika phiri, atalephera, mvula yoyamba ikugwa pamasamba. Sindikhulupirira kuti zinangochitika mwangozi.

Imene imandivuta kwambiri ndi King Solomon's Mines ya 1950, imene anakajambulira ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Congo. Agogo ankaganiza kuti ndidzasangalala kuona Africa. Ndinaonera mpaka kumapeto chifukwa cha ulemu. Maso anga sanali pa Deborah ndi Stewart Granger, anali pa mzere wa amuna osenza mabokosi pamutu, opanda maina, amene akagwa kapena kuthawa nkhani imangopitirira. Kwathu timawadziwa anthu amenewo. Ndi amtengatenga, amene pa nkhondo ya 1914 anasenza katundu wa asilikali mpaka ambiri kufera m'njira. Nditawafotokozera agogo zimenezi anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Imeneyo tisaikenso." Sitinaikenso.

Kum'mawa kwa kuno, ku Sheffield Park, ndi kumene anajambulira The Innocents mu 1961, nkhani ya mlezi wa ana awiri amene akuona mizukwa, kapena amene mutu ukumusokonekera, filimuyo sikuuza. Deborah mwini ankaiona ngati ntchito yake yabwino koposa. Nthawi yandithera, sindikafikako.

Loweruka, 17 Meyi. Botesdale, Suffolk

Kuchoka ku Liverpool Street kufika ku Diss ndi ola limodzi ndi theka, dziko lafulati, minda yachikasu mbali zonse. Pa siteshoni ndinakwera takisi. Woyendetsa, bambo wachikulire, nditamutchulira dzina la Deborah Kerr anayamba kuimba nyimbo ya mu The King and I, akugogoda chiwongolero.

M'sitima ndinaoneranso pa YouTube mwambo wa Oscar wa 1994. Deborah anasankhidwa ka 6 kupikisana pa mphoto ya wosewera wamkazi wopambana, kuyambira ndi Edward, My Son ya 1949 mpaka The Sundowners ya 1960, ndipo ka 6 konse inapita kwa wina: Olivia de Havilland, Audrey Hepburn, Ingrid Bergman, Joanne Woodward, Susan Hayward, Elizabeth Taylor. The Innocents sanaiganizire n'komwe, ndipo pamenepo ine ndimati analakwitsa kwambiri. Mu 1969 anasiya mafilimu a ku Hollywood, n'kubwerera pa siteji ku London ndi ku New York, kenako pa TV. Filimu yake yomaliza ndi The Assam Garden ya 1985. Ndiye mu 1994, ali ndi zaka 72, anamuitana kudzalandira Oscar yaulemu. Glenn Close ndiye anamulandira pa siteji. Akutuluka pang'onopang'ono, atavala magalasi, holo yonse inaimirira n'kuwomba m'manja osaleka. Ndabwereza kanemayo katatu, ndikuyang'ana msana.

Atasiyana ndi Bartley anakwatiwa ndi wolemba Peter Viertel mu 1960, ndipo anakhala zaka zambiri ku Klosters ku Switzerland ndi ku Marbella ku Spain. Matenda a Parkinson's atakula anabwerera ku England kuti akhale pafupi ndi ana ake. Anamwalira m'mudzi uno pa 16 Okutobala 2007, ali ndi zaka 86. Viertel anamutsatira pasanathe masabata atatu.

Matendawa ndimawadziwa kuntchito. Ubongo umasiya kupanga mokwanira mankhwala otchedwa dopamine, ndipo mapiritsi ake ukachedwetsa ngakhale theka la ola munthu amauma ngati mtengo. Anthu amadziwa za kunjenjemera, koma sadziwa kuti amalandanso nkhope. Minofu imalimba, munthu akusangalala kapena akulira m'kati koma kunja kuli zii. Agogo chaka chawo chomaliza anali choncho. Ndinaphunzira kuwawerenga m'maso mokha, ndipo ndikuganiza tsopano kuti Malamulungu onse aja ankandiphunzitsa zimenezo, pogwiritsa ntchito nkhope ya mkazi wina. Iwo ankadziwa kuti Deborah anadwala matenda omwewo. Sanazitchulepo n'kamodzi komwe.

Botesdale ndi msewu umodzi wautali wolumikizana ndi mudzi wa Rickinghall, nyumba zakale zopakidwa pinki ndi zoyera, ndi katchalitchi ka St Botolph kumtunda. Nyumba imene anakhalamo sindinaifunefune, si malo anga. Ndinapeza benchi n'kukhala pansi monga anandiuzira amayi.

M'chikwama ndinatenga DVD imodzi, An Affair to Remember, ya 1957, imene anasewera ndi Cary Grant. M'kati mwa chikuto chake agogo anamatamo kapepala. Pamwamba analemba ndi zilembo zikuluzikulu zopendekera kuti anaionera koyamba ndi malemu amuna awo asanakwatirane, ndipo pansi pake ankalemba deti nthawi iliyonse akaioneranso. Madetiwo akamatsika, zilembo zikunka zichepa, monga amachitira matendawa, mpaka mizere yomaliza ili ngati nyerere zofola. Deti lomaliza ndi la mu Januwale, ndipo pambali pake pali dzina langa, lonse, losadula. Sindinadziwe kuti analilemba.

Ndalira pabenchipo mpaka mayi wina wodutsa ndi ngolo ya mwana anaima n'kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinamuuza kuti ndili pa maliro. Anakhala nane pang'ono, osafunsa kuti a ndani, mwana wake akusewera ndi zipi ya chikwama changa.

Takisi ibwera 4 koloko. Mawa ndikwera ya ku Glasgow, ndipo Lolemba 8 koloko usiku ndili pa shifiti. M'chipinda chakumapeto muli abambo ena amene amakonda mpira pa wailesi, ndipo mapiritsi awo oyamba ndi a 6 koloko m'mawa.